Chakudza chikaimba ng'oma: mmene zigawo zosaiwalika za m'mafilimu zimamangidwira

Munthu akaonera filimu ya maola awiri, pakapita zaka khumi sakumbukira maola awiri onsewo. Chimene chimatsala m'mutu ndi kachigawo kakang'ono, mwina ka mphindi zitatu, mwina kosakwana n'komwe mphindi imodzi, koma kachigawo kameneko amatha kukafotokoza ngati wakaonera dzulo madzulo: pamene munthu anaima, mbali imene chitseko chinatsegukira, ndi phokoso limene linamveka. Maina a ochita sewero amaiwalika, chimene ankalimbirana chimaiwalikanso, koma mtima suiwala mmene unagundira. Ambiri amaganiza kuti zigawo zotere zimabadwa pamene pa kanema paoneka chinthu chachikulu, monga nyumba kuphulika kapena asilikali zikwizikwi kukumana pabwalo la nkhondo. Tikaunika bwino zigawo zimene anthu akhala akuzikamba kwa zaka makumimakumi, tipeza kuti zambiri zinamangidwa ndi zinthu ziwiri zimene kamera singazijambule, zomwe ndi zimene woonera wauzidwa pasadakhale ndi zimene wabisiridwa dala.

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo m'moyo weniweni mawuwa ndi oona, pakuti tsoka limapeza munthu ali pamkeka akusenda mtedza. M'filimu yopangidwa mwaluso chakudza chimaimba ng'oma, koma ng'omayo imamveka kwa oonera okha, anthu a m'nkhaniyo osaimva. Amene anaifotokoza momveka bwino mfundo imeneyi ndi Alfred Hitchcock wa ku England, amene anabadwa mu 1899 ndipo anatsogolera kujambula mafilimu oposa 50 asanamwalire mu 1980. Mu 1962, pocheza kwa masiku angapo ndi François Truffaut wa ku France, yemwenso anali katswiri wa mafilimu, Hitchcock anapereka chitsanzo cha anthu awiri amene akhala patebulo n'kumakamba nkhani wamba. Bomba likaphulika mwadzidzidzi pansi pa tebulolo, oonera amadzidzimuka, kenaka zathera pomwepo. Koma ngati oonerawo anaona bombalo likutcheredwa, akudziwa ola limene liphulike, ndipo wotchi ikuoneka pakhoma, macheza opanda pake aja amasanduka moto, chifukwa aliyense mu holo akufunitsitsa kukuwa kuti anthuwo asiye zocheza athawe. Mwa kuwerengera kwake, njira yoyamba imagulira woonera masekondi 15 a kudzidzimuka, pamene yachiwiri imamugulira mphindi 15 za nkhawa.

Hitchcock anali ataphunzira kale malire a njira imeneyi pa ntchito yake yomwe. M'filimu ya Sabotage ya mu 1936, mnyamata akutumidwa kukasiya phukusi pakati pa mzinda wa London, osadziwa kuti m'phukusimo muli bomba lotcheredwa nthawi. Oonera akudziwa zonse. Mnyamatayo akuchedwa m'njira, akuima kuonerera chionetsero chimene chikudutsa mumsewu, kenaka akukwera basi n'kuyamba kusewera ndi kagalu ka munthu amene wakhala naye pafupi, kwinaku kamera ikungobwererabwerera ku mawotchi a m'misewu. Pomaliza bombalo likuphulikadi ndipo mwanayo akufa. Patapita zaka Hitchcock ankanena poyera kuti kumeneku kunali kulakwitsa, chifukwa anthu amene wawasunga mitima ili m'mwamba kwa nthawi yaitali chotero amayembekezera kuti uwapumitsa, ndipo ukawamana mpumulowo amakukwiyira. Ine sindigwirizana naye kwathunthu, pakuti chigawo chimenecho chikukambidwabe lero chifukwa chakuti chinakana kutonthoza munthu. Komabe mfundo yake ndi yolemera: pakati pa wopanga filimu ndi woonera pamakhala pangano losalembedwa, ndipo amene akufuna kuliphwanya ayenera kudziwa mtengo wake.

Aliyense amene anakulira pafupi ndi nyumba zoonetsera vidiyo za m'misika yathu akuidziwa bwino ng'oma imeneyi. Ndikukumbukira chipinda chamdima, chinsalu chakuda chotchinga pakhomo, mabenchi a matabwa osapala, ndi sipika yaikulu imene eni malowo ankaiika panja dala kuti odutsa azimva kulira kwa mfuti ndi kukuwa kwa anthu popanda kuona chimene chikuchitika. Ana amene analibe ndalama yolowera ankakhala pansi pa sipikayo n'kumapanga filimu yawoyawo m'mutu, ndipo nthawi zina filimu ya panjayo inkaposa ya mkati. Mkatimo, munthu wa m'nkhani akamalowa m'nyumba mdani atabisala kuseri kwa chitseko, abambo akuluakulu ankadzuka pabenchi n'kumakuwa kuti, "Tembenuka iwe, ali kumbuyo kwakoko!" Ankadziwa bwinobwino kuti munthuyo sangawamve, koma pakamwa pankatseguka pokha. Ngakhale anyamata amene amamasulira mafilimu m'Chichewa amagwiritsa ntchito nzeru yomweyi akamachenjeza oonera kuti ayang'anitsitse munthu wakutiwakuti chifukwa wabwera ndi zoipa. Ena amadandaula kuti kutero n'kuulula nkhani, koma kawirikawiri kumakhala kutchera bomba pansi pa tebulo. Pa nthano za kumoto wokamba sapitiriza mpaka omvera atayankha kuti "Tili tonse," ndipo kukuwa kwa abambo aja kunali kuyankha komweko.

Chigawo chimene akatswiri achiphwanyaphwanya koposa zonse pofuna kumvetsa luso limeneli ndi cha kubafa m'filimu ya Psycho, imene Hitchcock anatulutsa mu 1960. Filimuyi inajambulidwa yopanda mitundu, ndi ndalama zochepa, pafupifupi madola 800,000, pogwiritsa ntchito anthu amene ankamujambulira pulogalamu yake ya pa wailesi ya kanema. Nkhani ikuyamba ndi Marion Crane, mlembi wa mu ofesi ina mumzinda wa Phoenix, amene akuthawa ndi madola 40,000 omwe bwana wake anamutuma kukasunga kubanki. Amene ankasewera ngati Marion ndi Janet Leigh, ndipo dzina lake ndi limene linali lodziwika kwambiri pa onse a m'filimuyo. Kwa mphindi zoposa 40 oonera akuyenda naye m'galimoto, akuchita naye mantha wapolisi akamamufunsa mafunso pamsewu, ndipo akutsimikiza mumtima kuti nkhani yonse ndi ya mayi ameneyu ndi ndalama zimene waba. Mvula ikumukakamiza kugona pa nyumba ya alendo yakutali ndi msewu waukulu, kumene akucheza ndi mnyamata wamanyazi woyang'anira malowo, Norman Bates, amene ankaseweredwa ndi Anthony Perkins. Atatha kucheza, Marion akusintha maganizo n'kutsimikiza zobweza ndalamazo m'mawa mwake. Akulowa m'bafa ngati munthu amene akufuna kutsuka mlandu wake, ndipo kuseri kwa chinsalu cha m'bafamo kukuoneka chithunzithunzi cha munthu akubwera, chimene ife tikuchiona koma iye sakuchiona.

Kuphedwa kwenikweniko kumatenga masekondi pafupifupi 45, koma kujambula chigawo chonsecho kunatenga sabata yathunthu m'mwezi wa December 1959. Mawerengero amene amatchulidwa kawirikawiri ndi akuti kamera inaikidwa m'malo 78 osiyanasiyana ndipo zithunzi zinadulidwa ndi kulumikizidwa ka 52, moti filimu ina yofotokoza za chigawochi imene inatuluka mu 2017 inatenga manambala awiriwa kukhala dzina lake. Munthu akaimitsa zithunzizo n'kumaziona chimodzichimodzi amadabwa ndi zimene mulibe. Mukuoneka mkono uli m'mwamba ndi mpeni, pakamwa potsegula, madzi akugwa, dzanja likutchinjiriza, mapazi akuterereka, koma bala silikuoneka ngakhale limodzi. Magazi amene akuyenda ndi madzi kulowera pa kabowo ka bafa anali chokoleti chamadzimadzi, chimene pa filimu yopanda mitundu chimaoneka chakuda ndi cholemera kuposa magazi opangira. Phokoso la mpeni anatenga pobaya vwende. Malamulo oyang'anira mafilimu ku America nthawi imeneyo sankalola kuonetsa umaliseche kapena mabala oonekeratu, choncho Hitchcock ndi George Tomasini, amene ankadula ndi kulumikiza zithunzizo, anangopereka zidutswa n'kusiyira woonera ntchito yozilumikiza. Anthu ambiri anatuluka m'maholo akulumbira kuti aona mpeni ukulowa m'thupi, ena mpaka akuti aona magazi ofiira, pamene pafupifupi zonsezo anazijambula okha m'mitu yawo.

Pa nyimbo napo pali phunziro. Poyamba Hitchcock ankafuna kuti chigawochi chikhale chopanda nyimbo, pangomveka madzi ndi kukuwa basi. Bernard Herrmann, amene anapeka nyimbo za filimu yonseyo pogwiritsa ntchito zoimbira za zingwe zokhazokha, sanamumvere, ndipo analemba kulira kwa mavayolini kokhala ngati kubaya, kobwerezabwereza, kothina m'makutu. Hitchcock atamva anavomereza kuti Herrmann ndi amene analondola. Lero ngakhale mwana amene sanaionepo filimuyi amatha kuyerekezera kulira kumeneko ndi pakamwa kwinaku akukweza mkono, osadziwa n'komwe kumene kunachokera. Hitchcock anachitanso chinthu china kunja kwa filimu: analamula kuti eni maholo asalole munthu kulowa filimu itayamba kale, chinthu chimene sichinali chizolowezi m'masiku amenewo pamene anthu ankalowa nthawi ina iliyonse. Ankadziwa kuti mphamvu ya chigawo cha kubafa ili m'mphindi 40 zoyambirira zija, ndipo munthu wobwera mochedwa sangamve kutayika kumene amamva amene wayenda ndi Marion kuchokera ku Phoenix.

Kwa ine, chigawo chimene chimaonetsa luso la Hitchcock koposa si cha mpeni, koma chimene chimabwera pambuyo pake. Norman akukolopa bafa, akukulunga mtembo, akuuika kumbuyo kwa galimoto ya Marion limodzi ndi nyuzipepala imene muli ndalama zija, zimene iye sakudziwa n'komwe kuti zilimo, ndipo akukankhira galimotoyo m'chithaphwi. Galimoto ikumira pang'onopang'ono, kenaka ikuima, denga lake likuonekabe pamwamba pa matope. Norman akuyang'ana uku ndi uku ali kakasi. Pa kanthawi kameneko woonera amadzipeza akupempherera mumtima kuti galimotoyo imire, ndipo ikayambanso kumira amapuma. Mphindi zochepa zapitazo amalirira Marion, tsopano akuthandiza kubisa mtembo wake. Woonera sangakhale wopanda munthu womutsatira m'nkhani, ndipo Hitchcock atamulanda Marion anamusiyira Norman yekha. Munthu akazindikira zimene mtima wake wangochita amachita tsembwe kuposa mmene anachitira poona mpeni.

Nzeru yoti tanthauzo limabadwa pakati pa zithunzi ziwiri inayesedwa kalekale ku Russia. Cha m'ma 1920 Lev Kuleshov, wopanga mafilimu, anatenga chithunzi chimodzi cha nkhope ya wochita sewero Ivan Mosjoukine, yosaonetsa kukondwa kapena chisoni, n'kuchilumikiza ndi zithunzi zosiyana. Malinga ndi mmene wopanga mafilimu mnzake Vsevolod Pudovkin anafotokozera pambuyo pake, nkhopeyo itatsatana ndi mbale ya msuzi, ndi mtembo wa m'bokosi, ndiponso ndi mwana akusewera, oonera anatama luso la mwini nkhopeyo posintha maonekedwe, pamene nkhope inali imodzimodzi. Aliyense wodula zithunzi kuyambira nthawi imeneyo amagwira ntchito akudziwa kuti woonera amabwera ndi zake.

Nthawi zina kubisa kumene kumapanga chigawo chosaiwalika kumayamba ngati tsoka. Mu 1974 Steven Spielberg, ali ndi zaka 27, anapita ku chilumba cha Martha's Vineyard kukajambula Jaws, nkhani ya shaki yaikulu, nsomba yolusa ya m'nyanja zamchere, imene ikudya anthu pa gombe la tauni yodalira alendo odzasambira. Anapangitsa mashaki atatu amakina, amene anawapatsa dzina loti Bruce potengera dzina la loya wake, koma madzi amchere a m'nyanja yeniyeni ankawononga makinawo kawirikawiri. Ntchito imene inayenera kutha m'masiku 55 inatenga masiku 159. Posowa shaki yoti aonetse, Spielberg anakakamizika kuonetsa zizindikiro zake zokha: mtsikana akusambira usiku n'kuyamba kukokedwa uku ndi uku ndi chinthu chosaoneka, kamera ikuyenda pansi pa madzi ikuyang'ana miyendo ya ana ngati ndi maso a chilombocho, matabwa a doko akutembenuka okha m'madzi n'kuyamba kulondola munthu, ndi migolo yachikasu imene alenje anaimangirira pa shakiyo ikutumphuka pafupi ndi boti. Pamadutsa nthawi yoposa ola lathunthu woonera asanaione bwinobwino nkhope ya shakiyo. Spielberg wanena kangapo kuti makinawo akanagwira ntchito bwino, filimuyo ikanakhala yosaopsa kwenikweni.

Ng'oma ya m'filimu imeneyi imamvekadi ndi makutu. John Williams anapeka kanyimbo ka mawu awiri okha, olemera, osinthanasinthana, oyamba pang'onopang'ono n'kumafulumira, ndipo filimu imaphunzitsa woonera kuti kanyimboka kakamveka ndiye kuti shaki ili pafupi. Pali pamene chipsepse chikuoneka pamwamba pa madzi anthu n'kuthawa mopondana, koma nyimbo kulibe, ndipo posakhalitsa zikudziwika kuti anali ana awiri akuchita chibwana ndi chipsepse chopanga. Filimu sinanamize woonera, ndipo iye amayamba kukhulupirira nyimboyo kotheratu. Chikhulupiriro chimenecho chitakhazikika, pakubwera chigawo chimene mkulu wa polisi akuthira nyambo m'madzi kumbuyo kwa boti kwinaku akung'ung'udza, ndipo mutu wa shaki ukutumphuka pafupi ndi dzanja lake popanda chenjezo lina lililonse. Kudzidzimuka kumeneko kumagwira ntchito chifukwa chakuti ng'oma imene woonera anazolowera kudalira inakhala chete. Williams analandira mphotho ya Oscar pa nyimbo za filimuyi, ndipo Verna Fields, mayi amene anadula ndi kulumikiza zithunzi zake, analandiranso yake.

Wailesi ya kanema ili ndi chida china chimene filimu ya mu holo ilibe, chomwe ndi masiku a pakati pa gawo lina ndi linzake. Pa 21 March 1980 sewero la Dallas, limene linkaulutsidwa ndi CBS ku America, linatseka chaka chake ndi J.R. Ewing, wamalonda a mafuta wankhanza ndi wachinyengo amene ankaseweredwa ndi Larry Hagman, akuomberedwa ndi mfuti mu ofesi yake usiku ndi munthu wosaoneka. Nzeru ya olemba inali yakuti J.R. anali atalakwira pafupifupi aliyense m'seweromo, mkazi wake, abale ake ndi anzake a malonda, moti aliyense anali ndi chifukwa chomuphera. Funso loti anamuombera ndani linalembedwa pa malaya, anthu anabetcherana ndalama, ndipo linakambidwa m'maiko ambiri kumene seweroli linkaonetsedwa. Kudikira kunatalika kuposa mmene eni ake anakonzera chifukwa cha sitiraka ya ochita masewero ya chaka chimenecho. Pofuna kusunga chinsinsi, anajambula anthu angapo aliyense atagwira mfuti, kuti ngakhale ogwira ntchito pa seweroli asadziwe woona. Yankho linabwera pa 21 November 1980, patatha miyezi isanu ndi itatu, ndipo anthu pafupifupi 83 miliyoni a ku America anakhala pansi kuonera. Anali Kristin Shepard, mlamu wake yemwenso anali chibwenzi chake chamseri. Lero ndi ochepa amene amalikumbukira dzina limeneli, koma funso lija likukumbukiridwabe, zimene zikusonyeza kuti chokoma chinali m'miyezi ya kudikira ija, pamene aliyense anali wapolisi wofufuza mlandu kuntchito, kumsika ndi patebulo la chakudya.

Pamenepa ndili ndi nkhawa ndi kaonedwe ka masiku ano. Makampani ngati Netflix amatulutsa magawo onse a sewero tsiku limodzi, ndipo gawo lina likangotha linzake limayamba lokha pakangopita masekondi ochepa. Funso limene gawo latha nalo limayankhidwa munthu asanadzuke n'komwe pampando. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sewero limene silipatsa oonera mpata wogona ndi funso, kulikamba ndi anzawo m'minibasi ndi kukangana za ilo, limataya njira imodzi yaikulu yokhazikikira m'chikumbumtima cha anthu ambiri nthawi imodzi.

David Chase, amene anayambitsa sewero la The Sopranos pa wailesi ya kanema ya HBO, anafika patali koposa pokana kuyankha funso mpaka kalekale. Gawo lomaliza, limene linaulutsidwa pa 10 June 2007, likutha Tony Soprano, mkulu wa gulu la zigawenga ku New Jersey, atakhala m'malo odyera akudikira banja lake. Pachitseko pali belu, ndipo nthawi iliyonse likalira Tony akudzutsa mutu, kamera n'kutionetsa amene walowa monga mmene iye akumuonera. Akulowa mkazi wake, akulowa mwana wake wamwamuna, akulowanso mlendo amene akukhala payekha n'kumamuyang'anayang'ana asanapite kuchimbudzi. Panja mwana wake wamkazi akulimbana ndi kuimika galimoto pamalo opapatiza. Palibe choopsa chimene chikuchitika, koma pambuyo pa zaka zonse zimene oonera anayenda ndi munthu wa adani ambiri ameneyu, nkhope iliyonse yachilendo ndi bomba pansi pa tebulo. Belu likuliranso, Tony akudzutsa mutu, ndipo chithunzi ndi nyimbo zikuduka pamodzi, pa kanema n'kungoti bii kwa masekondi pafupifupi khumi. Anthu ambiri anaganiza kuti kanema wawo wawonongeka. Mpaka lero ena amati Tony anaphedwa pomwepo ndipo mdimawo ndi zimene iye anaona, ena amati moyo wake unapitirira m'mantha omwewo, ndipo mkanganowo ndi umene wasunga chigawochi chili chamoyo.

Zonsezi ndi zopeka, koma zimene wailesi ya kanema imaulutsa zikuchitika zimagwira mtima pa zifukwa zofanana. Pa 11 February 1990 makamera anaima pachipata cha ndende ya Victor Verster pafupi ndi Paarl, kudikira Nelson Mandela amene anali atakhala m'ndende zaka 27. Dziko linali litauzidwa dzulo lake kuti atuluka, choncho panalibe chodzidzimutsa. Chimene chinabisika chinali munthuyo, chifukwa kwa zaka zambiri malamulo a dziko la South Africa ankaletsa kusindikiza chithunzi chake, ndipo anthu ambiri ankasunga m'mutu nkhope ya bambo wojintcha wa zaka za m'ma 40. Anayembekezeka 3 koloko masana koma anachedwa ndi nthawi yoposa ola, ndipo m'nthawi yonseyo makamera ankangoonetsa msewu, apolisi, magalimoto ndi khamu la anthu padzuwa, oulutsa mawu akusowa chonena. Kenaka anaoneka bambo wamtali, woonda, wa imvi, atavala suti, akuyenda pang'onopang'ono atagwirana dzanja ndi mkazi wake Winnie, ndipo anakweza chibakera m'mwamba. Palibe wolemba amene anakonza kuchedwa kuja, koma kunagwira ntchito yomwe migolo yachikasu inagwira. Ku Malawi nthawi imeneyo kunalibe wailesi ya kanema, popeza TVM inayamba mu 1999, moti ambiri anamva nkhaniyi pa wailesi n'kujambula okha chithunzicho m'mitu yawo, ngati ana aja a pansi pa sipika.

Chitsanzo chimene chili pafupi ndi kwathu ndi The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, imene Chiwetel Ejiofor anaitsogolera n'kuseweramo ngati Trywell, bambo ake a William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Inajambulidwa ku Malawi konkuno ndipo mbali yaikulu ya zolankhula zake ili m'Chichewa. Filimuyi inali ndi vuto lalikulu kuyambira pachiyambi, chifukwa dzina lake lenilenilo limaulula mathero, ndipo palibe woonera amene akukayika zoti makina oyendera mphepowo adzazungulira. Ejiofor anachotsa funso pa makinawo n'kuliika pa njinga. Kuti William amange makina aakulu akufunika njinga ya bambo ake, imene pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 ili pafupifupi chuma chokhacho chimene banjalo latsala nacho, ndipo kuti aigwiritse ntchito ayenera kuidula. Amene sanakhalepo m'mudzi angaone ngati n'chitsulo chabe, koma ife tikudziwa kuti njinga ndi imene imapita kuchigayo, imanyamula wodwala kupita naye kuchipatala, ndipo imasunga ulemu wa bambo pamaso pa anzake. Bambo amene mbewu zake zauma, amene akudya kamodzi patsiku, akupemphedwa ndi mwana wochotsedwa sukulu chifukwa cha fizi kuti apereke njingayo pokhulupirira zithunzi za m'buku la m'laibulale. Mkwiyo wa Trywell pamene akukana ndi womveka kwa aliyense amene anaionapo njala.

Opanga filimuyi anasinthanso mbiri pang'ono kuti chigawo chomaliza chilemere. Makina oyamba amene William anamanga anayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake, ndipo zopopa madzi zinabwera patapita zaka, koma m'filimu makinawo akulumikizidwa ndi pampu ya pachitsime kuti moyo wa mudzi wonse udalire pa iwo. Anthu asonkhana pansi pa nsanja ya mitengo, njinga yaduka kale ndipo singabwererenso mwakale, mapiko akuyamba kuzungulira, tayala likuyenda, koma kupaipi sikukutuluka kanthu. Kamera ikudikira limodzi ndi anthuwo, ikuyang'ana nkhope ya bambo amene wapereka zonse anali nazo. Pakupita kanthawi kamene kamaoneka kotalika kuposa mmene kalili, pampu ikulira, ndipo madzi akuyamba kuyenda m'ngalande kulowera m'dothi louma la m'munda.